Sitandi ya m'mbali ya njinga yamoto

Sitandi ya m'mbali ndi chitsulo chokhala ngati mwendo chimene chimachirikiza njinga yamoto ikaimikidwa kuti isagwe. Imakhala kumanzere kwa njinga, pafupi ndi popondera woyendetsa. Woyendetsa amaitsitsa ndi phazi akafuna kuimika njinga, ndipo amaikweza asananyamuke. Amakaniko ndi akabaza ambiri amaitcha sayidi sitandi pofuna kuisiyanitsa ndi sitandi yapakati, ya miyendo iwiri, imene imanyamula tayala lakumbuyo m'mwamba.

M'madera a mapiri monga a Dowa ndi Ntchisi, sitandi imagwira ntchito yolemetsa chifukwa njinga zimaimikidwa pamalo otsetsereka, pamatope ndiponso zitasenza katundu. Ikawonongeka, eni njinga ambiri amaikonza ndi zinthu zopezeka pafupi: zitsulo zomangira nyumba, mapaipi, mphira za chubu chakale, mabawuti wamba ndi masipuling'i ochotsa ku makina ena.

Sitandi imalephera m'njira ziwiri. Ikhoza kugwetsa njinga yoimika, ndipo pamenepo chimawonongeka ndi katundu. Ikhozanso kutsika yokha njinga ikuthamanga, ndipo pamenepo moyo wa woyendetsa ndi wokwera umakhala pachiswe. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumasonyeza zigawo zimene munthu angathe kupanga yekha mosavuta ndi zimene zimafuna kusamala kwambiri.

Mbiri

Sitandi inayambira pa njinga zakapalasa. Yakale kwambiri imene imadziwika inapangidwa ku France m'chaka cha 1869 ndi munthu wina dzina lake Berruyer. Inali yaitali chifukwa inkamangidwa m'munsi mwa mahandulo. Mu 1926 Eldon Henderson analembetsa umwini wa sitandi yaifupi, yoyandikira kwa zimene zilipo masiku ano. Njinga zamoto zoyamba zinali ndi sitandi yakumbuyo yomangidwa pa tayala lakumbuyo, yofanana ndi imene imaoneka pa njinga zakapalasa zakuda za m'midzi. Njinga zitayamba kulemera, sitandi ya m'mbali inafala chifukwa siifuna kuti munthu anyamule njinga.

Vuto limene linabwera nayo ndi kuiwala. Anthu ankanyamuka sitandi ili pansi n'kugwa pokhota. Makampani anapeza njira zitatu zothana ndi vutoli. Kampani ya Honda inkaika kachidutswa ka mphira kumapeto kwa sitandi, kamene kamayamba kukhudza msewu n'kukankhira sitandiyo m'mwamba. Makampani ena a ku Ulaya ankapanga sitandi yobwerera yokha njinga ikangowongoledwa. Njira yachitatu, imene yafala pa njinga zatsopano, ndi switchi yozimitsa injini munthu akalowetsa giya sitandi ili pansi. Ku America, lamulo la FMVSS 123 limafuna kuti sitandi izipindikira kumbuyo ndi m'mwamba ikakhudza pansi njinga ikupita kutsogolo.

Zigawo zake

Mwendo ndi chitsulo chachitali chimene chimafika pansi. Pa njinga zina ndi champhako ngati paipi, pa zina ndi chitsulo chathunthu. Kumtunda kwake kumakhala mphanda yokhala ndi bowo lolowa bawuti.

Phazi ndi kachitsulo kaphanthiphanthi kowotchereredwa kumapeto kwa mwendo. Ndi limene limaponda nthaka.

Khutu ndi kachitsulo kotulukira m'mbali kamene woyendetsa amaponda potsitsa sitandi.

Chogwirira ndi chitsulo chokhuthala chimene mphanda ya mwendo imalowapo. Chimakhala ndi potsekera pawiri: pamene mwendo umalekezera ukatsika ndi pamene umalekezera ukakwera. Pa njinga zina chogwirira chimawotchereredwa ku felemu. Pa njinga zambiri zazing'ono zotengera kapangidwe ka Honda CG125 chimakhala pa chitsulo cha popondera, chimene chimamangidwa ndi mabawuti kunsi kwa injini.

Bawuti ndi imene imalumikiza mwendo ndi chogwirira, ndipo mwendo umazungulira pa iyo. Imakhala ndi mbali yosalala ndi mbali ya mizere yomangirapo nati. Pa njinga zambiri zazing'ono mizere yake ndi ya mamilimita 10.

Sipuling'i imakoka mwendo. Njinga zina zimakhala ndi ziwiri, yaing'ono m'kati mwa yaikulu, kuti imodzi ikaduka inayo igwirebe.

Switchi imapezeka pa njinga zina zokha. Njinga zambiri zotsika mtengo zilibe.

Mmene imagwirira ntchito

Njinga yoimika pa sitandi ya m'mbali imakhudza pansi pamalo atatu: tayala lakutsogolo, tayala lakumbuyo ndi phazi la sitandi. Imaima ngati mphika pa mafuwa. Malinga ngati kulemera kwake kukugwera pakati pa malo atatuwa, njinga siigwa. N'chifukwa chake iyenera kupendekera kumanzere pang'ono, kawirikawiri madigiri apakati pa 10 ndi 15. Ikaima chilili kwambiri, mphepo kapena mwana woitsamira akhoza kuigwetsera kumanja. Ikapendekera kwambiri, kulemera kochuluka kumapita pa sitandi, mwendo n'kuyamba kupindika.

Mwendo ukatsika sulekezera poongoka. Umapitirira pang'ono kutsogolo mpaka kukagunda potsekera. Motero kulemera kwa njinga kumaukanikizira potsekerapo m'malo moupinda. Koma njinga ikagubuduka kupita kutsogolo, mwendo umabwerera kumbuyo n'kupindika, njinga n'kugwa. Ichi n'chifukwa chake pamtsetse njinga imaimikidwa itayang'ana kuchitunda ndipo imasiyidwa mu giya yoyamba.

Sipuling'i imodzi yomweyo imagwira ntchito ziwiri. Inakoledwa mwanjira yoti imatamuka kwambiri mwendo ukakhala pakati pa ulendo wake. Mwendo ukadutsa pakatipo kupita pansi, sipuling'i imaukokera pansi. Ukadutsa kupita m'mwamba, imaukokera m'mwamba n'kuugwira pomwepo ngakhale njinga ikudumpha m'maenje.

Njinga zamoto ku Dowa ndi Ntchisi

Dowa ndi Ntchisi ndi maboma oyandikana a m'chigawo chapakati cha dziko la Malawi. Pa kalembera wa 2018, Dowa inali ndi anthu 772,569 ndipo Ntchisi inali ndi anthu 317,069. Kumadzulo kwa Dowa ndi kwachidikha, ndipo kumadutsa msewu wa M1 wopyola ku Mponela ndi Madisi. Kum'mawa ndi kwamapiri ndi zigwa zotsetserekera ku Salima, kumene msewu wa M14 umadutsa pa Chezi ndi Mvera. Ntchisi nayo ndi yamapiri, makamaka kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi. Munthu akangochoka pa misewu ya tala amalowa m'misewu yafumbi imene imakumbika ndi madzi nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo.

M'misewu yotereyi njinga yamoto ndi imene imafika kumene minibasi siifika. Akabaza amaima m'masiteji a pa Mponela, Madisi, Dowa Turn-off, pa boma la Dowa, ku Dzaleka, ku Malomo ndi pa boma la Ntchisi. Amanyamula anthu opita kumsika ndi kuchipatala, matumba a chimanga, soya ndi mtedza, komanso feteleza. Njinga zimene zimaoneka kwambiri ndi za injini ya 100cc mpaka 150cc, monga Lifo, King Lion, Sanlg ndi Lifan, ndiponso za ku India monga Bajaj Boxer ndi TVS. Alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito zaumoyo amayendanso pa njinga zopangidwira misewu yoipa. Imodzi mwa izo, Yamaha AG200, inapangidwira alimi ndipo ili ndi sitandi mbali zonse ziwiri kuti munthu asankhe mbali yoyenera malinga ndi kutsetsereka kwa malo.

Zipangizo za njinga zamoto zimachokera kunja kwa dziko. Zimagulitsidwa m'mashopu a m'matauni ang'onoang'ono monga Mponela, koma za mitundu ina munthu amakazipeza ku Lilongwe. Mitengo yake imatsatira mphamvu ya kwacha, imene boma linaitsitsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa wakabaza wa kumudzi, ulendo wokagula kachipangizo kamodzi umatha kudya ndalama zambiri kuposa mtengo wa kachipangizoko, kuphatikizapo tsiku la ntchito limene wataya. Woyendetsa njinga ya bwana amafunikanso kupereka ndalama ya tsiku kapena ya sabata ngakhale njinga itaima. Izi ndi zimene zimachititsa kuti ambiri athamangire kwa owotcherera ndi amakaniko apafupi.

Zimene zimawononga sitandi

Katundu. Njinga ya kabaza yopanda kanthu imalemera makilogalamu apakati pa 100 ndi 130. Matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50 amawonjezera 100. Sitandi inapangidwira kuchirikiza njinga yokha. Anthu akamakweza matumba ndi kuwamanga njinga ili pa sitandi ya m'mbali, kulemerako ndi kugwedezako zimapita pa mwendo ndi pa bawuti.

Kukhalira njinga yoimika. Pa siteji akabaza amadikira makasitomala atakhala kapena atagona pa njinga. Ena amaliza injini ndi kiki ataimirira pa njinga sitandi ili pansi. Chilichonse mwa izi chimapinda mwendo pang'onopang'ono ndi kukuza bowo la bawuti.

Nthaka. Dothi la katondo likanyowa limaterera, makande a m'dambo amamira, ndipo mchenga umagumuka. Phazi laling'ono limalowa pansi, njinga n'kupendekera mopitirira.

Fumbi ndi madzi. Fumbi likasakanikirana ndi mafuta pa bawuti limadya chitsulo ngati tupa. Madzi a m'mitsinje ndi m'zithaphwi amabweretsa dzimbiri pa sipuling'i, makamaka pa ngowe zake, pamene imaduka kawirikawiri.

Miyala. M'misewu yokumbika, kunsi kwa njinga kumagunda miyala ndi zitsa, ndipo chogwirira chimatha kupindika.

Zolowa m'malo zopanga okha

Phazi

Phazi ndi chigawo chimene munthu angathe kuchisintha popanda chiopsezo chachikulu, ndipo lopanga yekha limatha kuposa la kufakitale. Owotcherera amadula kachitsulo kaphanthiphanthi kokhuthala mamilimita 4 kapena 5, kapena amatenga washa wamkulu, n'kumuwotcherera kunsi kwa mwendo. Ubwino wake umaoneka powerengera. Mwachitsanzo, ngati sitandi yasenza makilogalamu 40 pa phazi la masentimita 3 mulifupi ndi 4 mulitali, sikweya sentimita iliyonse ya nthaka imasenza makilogalamu oposa 3. Phazi likakhala la masentimita 8 mbali zonse, sikweya sentimita iliyonse imasenza makilogalamu osafika 1.

Phazi latsopano liyenera kugona bwino pansi njinga itapendekera, kotero wowotcherera amaliyika njinga itaima mmene imaimira nthawi zonse. Lisakule mpaka kukhudza tcheni, chosinthira giya kapena chidendene cha woyendetsa sitandi ikakwezedwa. Ngodya zake zizunguliridwe kuti zisacheke mwendo wa munthu.

Amene safuna kuwotcherera amayenda ndi choyala pansi: kathabwa, chidutswa cha tayala lakale kapena chitini chophwanya. Mwala waphanthiphanthi umathandizanso. Ena amamanga kathabwako ku chingwe chimene amachikoleka pa handulo kuti akanyamule asanatsike pa njinga.

Sipuling'i

Sipuling'i ndi yotsika mtengo pa zigawo zonse, koma ndi imene imateteza moyo. Ikaduka kapena ikatamuka, anthu ambiri amamanga sitandi ndi mphira zodula ku chubu chakale, zimene ena amazitcha malegeni. Mphira imagwira tsiku loyamba, koma siichedwa kutha. Sitandi ili pafupi ndi injini yotentha, ndipo pa njinga zambiri tcheni chili mbali yomweyo ya kumanzere ndipo chimawaza mafuta. Kutentha, mafuta, petulo ndi dzuwa zimafooketsa mphira mpaka kuduka popanda chenjezo. Waya sali bwino chifukwa satamuka, ndipo amathyoka akapindidwa kangapo.

Mphira ingathandize pongofuna kukafika kwa makaniko. Pamenepo sitandi imamangiriridwa m'mwamba kotheratu, mozungulira kangapo, ndipo njinga imaimikidwa pa sitandi yapakati. Njira ina yabwino ndi kuchotseratu mwendo wonse mpaka sipuling'i itapezeka.

Amakaniko amagwiritsanso ntchito masipuling'i ochotsa pa njinga zakufa, a buleki ya galimoto kapena a sitandi yapakati. Sipuling'i yotere iyenera kufanana ndi yakale kutalika, kukhuthala kwa waya ndi kapindidwe ka ngowe. Yaitali siikoka mokwanira sitandi ikakwera. Yolimba mopitirira imapinda kachikhomo kokolekapo. Kupinda ngowe yatsopano potenthetsa pamoto kumachotsa mphamvu ya chitsulo pamalopo, ndipo mpamene imadzadukira.

Pokoleka sipuling'i yolimba pali njira yopewera kudzivulaza. Munthu amaipinda uku ndi uku n'kumalowetsa ndalama zachitsulo kapena mawasha pakati pa mizere yake mpaka itatalika. Akaikoleka n'kusuntha sitandi, sipuling'i imatamuka ndipo ndalamazo zimagwa kapena zimazuka mosavuta.

Bawuti

Bawuti ikatayika panjira, ena amalowetsa msomali wa mainchesi 6 n'kuupinda. Msomali ndi wofewa komanso ndi wochepa pa bowolo, choncho mwendo umagwedera n'kumakuza bowo. Bawuti wamba ya mizere yokhayokha ilinso ndi vuto: mizereyo imadya m'kati mwa bowo, ndipo ikamangidwa kwambiri imapana mphanda mpaka sitandi kukanika kuyenda. Ikasiyidwa yomasuka, nati imagwa ndi kugwedezeka kwa msewu.

Mphamvu ya bawuti imalembedwa pamutu pake. Ya nambala 4.6 ndi yofewa, yoyenera ntchito zopepuka. Ya 8.8 imapirira kukokedwa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 4.6, ndipo ya 10.9 imaposa pamenepo. Bawuti yopanda nambala iyenera kutengedwa ngati yofewa. Ngati yeniyeni ya sitandi siikupezeka, amakaniko amasankha ya 8.8 yokhala ndi mbali yosalala yokwana kudutsa mphanda ndi chogwirira. Bowo likakula, amadula kapaipi kakafupi n'kukalowetsa m'bowomo kuti bawuti ikwane bwino. Kumapeto amamanga manati awiri othinana, kapena nati yokhala ndi pulasitiki m'kati, kapena amaboola bawuti n'kulowetsa pini.

Mwendo

Mwendo wopindika pang'ono umatha kuwongoledwa utachotsedwa pa njinga. Kuuwongola kawirikawiri kumaufooketsa, ndipo wamphako ukangofinyika pamalo amodzi subwereranso mwakale. Kuwongola mwendo uli pa njinga, pouvalika paipi yaitali n'kumakoka, kumawononga chogwirira.

Mwendo ukathyoka, njira yodalirika ndi kupeza wa njinga yakufa ya mtundu womwewo. Ukasowa, owotcherera amasunga mbali ya kumtunda, imene ili ndi mphanda, bowo ndi kachikhomo ka sipuling'i, chifukwa imeneyi ndi yovuta kupanga molondola. Amangosintha mbali ya kumunsi. Ngati mwendo ndi wamphako, amalowetsa chitsulo chathunthu m'kati modutsa pothyokapo, kenako n'kuwotcherera mozungulira.

Zitsulo zimene zimagwiritsidwa ntchito zimasiyana. Chitsulo chomangira nyumba cha Y12 kapena Y16 chimapezeka paliponse ndipo n'cholimba, koma china chimang'aluka pafupi ndi powotcherera, makamaka chikaziziritsidwa ndi madzi. Paipi yamadzi yokhuthala imagwira bwino, koma ili ndi utoto wa zinki umene uyenera kupalidwa kaye. Paipi ya felemu ya njinga yakapalasa ndi yopyapyala, imafinyika. Chitsulo cha sipuling'i ya galimoto n'cholimba kwambiri koma chimathetheka chikawotchereredwa ndi ndodo wamba.

Kutalika kwa mwendo kumayezedwa kuchokera pakati pa bowo la bawuti mpaka pansi pa phazi. Kusiyana kwa masentimita 2 okha kumasintha kaimidwe ka njinga. Wowotcherera amayamba wagwiriza pang'ono, n'kuimika njinga pamalo osalala kuti aone kupendekera kwake, kenako n'kumalizitsa. Njinga imene mashoko ake akumbuyo anafooka kapena anasinthidwa imakhala yotsika kapena yokwera kusiyana ndi mmene inabwerera, ndipo mwendo uyenera kutsatira zimenezo.

Mwendo wolimba mopitirira muyeso ulinso ndi vuto lake. Mphamvu imene ikanapinda mwendo imapita pa chogwirira. Pa njinga zimene chogwirira chili pa chitsulo cha popondera, mphamvuyo imafika pa mabawuti olowa kunsi kwa injini. Chikho cha injini ndi cha aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo mabowo ake amatha kukukutika kapena kung'aluka. Kukonza chikho cha injini kumadya ndalama zambiri kuposa kugula sitandi yatsopano. Choncho mwendo wopanga uyenera kufanana mphamvu ndi umene unalipo, ndipo chizolowezi chokwezera katundu pa sitandi n'chimene chiyenera kusintha.

Pangozi, njinga yopanda sitandi imatsamiritsidwa pa mtengo kapena pa khoma itasiyidwa mu giya. Ena amadula kamtengo ka mphanda n'kuchirikiza pa popondera. Kamtengoka kali ndi ubwino umodzi: sikangatsike kokha njinga ikuyenda.

Switchi

Switchi ya sitandi imakhala pansi pomwe pamafika matope ndi madzi, choncho imavuta msanga. Ikafa, injini imazima munthu akangolowetsa giya. Nthawi zambiri vuto limakhala matope kapena waya woduka, ndipo kutsuka ndi kulumikiza bwino kumathetsa. Amakaniko ena amangolumikiza mawaya ake kuti njinga iziyenda ngati kuti sitandi ili m'mwamba nthawi zonse. Njinga imayendadi, koma chitetezo chimene chinalipo chimakhala chachoka. Ngati zimenezi zachitika, aliyense woyendetsa njingayo ayenera kuuzidwa, makamaka pa njinga imene imasinthana anthu.

Kuwotcherera pa njinga

Chigawo chimene chingathe kumasulidwa chiziwotchereredwa chili kutali ndi njinga. Ngati ntchito ili pa felemu penipeni, thanki ya petulo imachotsedwa, ndipo petulo wotsala mu kabuleta amakhetsedwa. Mawaya a batire amamasulidwa ndipo CDI imazulidwa kuti magetsi a makina owotcherera asaiwononge. Waya wa efi amakanikizidwa pafupi ndi pamene pakuwotchereredwa kuti magetsi asadutse m'mabeling'i.

Pamalo owotcherera payenera kupalidwa mpaka chitsulo chiwale. Dzimbiri, penti ndi mafuta zimasiya timabowo m'kati mwa chowotchereracho. Utsi wa zinki wochokera ku paipi yamadzi umadwalitsa: munthu amamva kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya m'thupi patapita maola angapo. Ntchitoyi izichitikira pabwalo podutsa mphepo. Chitsulo chikapsa chizisiyidwa kuti chizizire chokha. Masitandi ena ndi a aluminiyamu kapena a chitsulo choumba m'chikombole, ndipo ndodo wamba za 6013 sizigwira pa zitsulo zimenezi. Maginito amathandiza kuzindikira: samata pa aluminiyamu.

Luso la ntchitozi ambiri amaliphunzira pogwira ntchito m'magalaja. Maphunziro a ntchito zamanja m'Malawi amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo kuwotcherera ndi kukonza njinga zamoto ndi zina mwa ntchito zimene zimaphunzitsidwa. Ku Dowa kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Mponela Community Technical College.

Ngozi

Njinga ikagwa yoimika, zimene zimathyoka kawirikawiri ndi chogwirira kilatchi, galasi, ma indiketa ndi mapulasitiki. Thanki imatha kuphwanyika ndipo petulo amatayika. Njinga yolemera makilogalamu oposa 100 ikhoza kuthyola mwendo wa mwana amene anali kusewera pafupi, ndipo ekizozi yotentha imawotcha.

Ngozi yaikulu ndi ya sitandi yotsika njinga ikuyenda. Pamsewu woongoka woyendetsa sangazindikire kanthu. Akafika pokhotera kumanzere, njinga imapendekera mbali ya sitandi ndipo phazi limagunda msewu. Sitandi imakana kuti njinga ipendekere, nthawi zina n'kunyamula tayala lakumbuyo. Njinga imalephera kukhota n'kupita molunjika. M'Malawi magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, choncho njinga yolephera kukhotera kumanzere imadutsa mzere wapakati n'kulowa mbali ya magalimoto ochokera kutsogolo. M'misewu yokhotakhota ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuseri kwa mzerewo kumakhalanso maphompho. Sitandi yopanga imene bawuti yake inathina, kapena imene siipindikira kumbuyo ikagunda pansi, imakulitsa ngoziyi.

Ovulala m'maderawa amathandizidwa pa zipatala za boma za Dowa ndi Ntchisi komanso zipatala za Mponela ndi Madisi, ndipo othyoka kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Lamulo la Road Traffic Act limafuna kuti galimoto kapena njinga yamoto yoyenda pamsewu ikhale yosawonongeka moika anthu pangozi. Nthambi ya boma yoona zimenezi ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services.

Kuyesa sitandi yokonzedwa

Sitandi ikakonzedwa, amakaniko osamala amaiyesa motere asanapereke njinga:

1. Njinga ili pa sitandi yapakati, sitandi ya m'mbali imakankhidwa pang'ono kuchokera pansi. Ikadutsa pakati iyenera kuthamangira yokha m'mwamba n'kumveka kugunda potsekera.
2. Ili m'mwamba, imakokedwa ndi chala chimodzi. Ngati ikutsika mosavuta kapena ikulendewera, sipuling'i ndi yofooka.
3. Mwendo umagwedezedwa cham'mbali. Kugwedera kwambiri kumasonyeza bowo lokula kapena bawuti yodyeka.
4. Njinga imaimikidwa pamalo osalala n'kukankhidwa pang'ono kumanja ndi kutsogolo. Isafune kugwa kapena kupinda sitandi.
5. Munthu amakhala pa njinga pamodzi ndi wokwera kumbuyo, sitandi ili m'mwamba, ndipo wina amaona ngati siikukhudza tcheni kapena kutsika kuposa popondera.
6. Pakatha masiku angapo, powotcherera pamayang'anidwa. Mzere wopyapyala wa dzimbiri pamalopo ndi chizindikiro cha mng'alu.

Kasamalidwe

Bawuti ya sitandi imafuna kutsukidwa ndi kupakidwa girizi, makamaka nthawi ya dzinja ndi njinga ikawoloka mtsinje. Ngowe za sipuling'i ziziyang'anidwa pamene tcheni chikuthiridwa mafuta. Pokweza matumba, njinga izikhala pa sitandi yapakati pamalo olimba, kapena munthu mmodzi aigwire itaongoka wina akumanga. Poliza injini ndi kiki, sitandi ikwezedwe kaye. Poimika pambali pa msewu wa tala, woyendetsa azikumbukira kuti msewu umatsetserekera m'mphepete kuti madzi azichoka, ndipo njinga yoimika kumanzere imapendekera kwambiri kuposa pabwalo. Pamalo otsetsereka cham'mbali ndi bwino kutembenuza njinga kuti iyang'ane kuchitunda.

Okwera nawonso amathandiza. Munthu wokwera kabaza akhoza kuyang'ana kumanzere njinga isananyamuke, ndipo pa masiteji akabaza amakuwirana mnzawo akanyamuka sitandi ili pansi.

Onaninso

Njinga yamoto
Kabaza
Kuwotcherera zitsulo
Boma la Dowa
Boma la Ntchisi
Mponela